Seramu ndi mafuta a kumaso pa khungu la ziphuphu losachedwa kuyabwa

Tibotolo ta seramu ndi mafuta a kumaso tafika paliponse mu Zomba muno: m'mafamase, m'masitolo a zodzoladzola, pamabenchi a mumsika, ngakhale pa WhatsApp pomwe ogulitsa amalonjeza nkhope yosalala m'masiku asanu. Munthu wa khungu lolimba akasankha molakwika amangotaya ndalama. Koma ngati nkhope yanu imatuluka ziphuphu, komanso imawotcha kapena kuyabwa mukangodzola chinthu chachilendo, kulakwitsa kamodzi kumakusiyirani madontho akuda ovuta kufufutika. Khungu lakuda likatupa kapena likapsa ndi mankhwala limatulutsa pamalopo melanin wochuluka (chinthu chomwe chimapatsa khungu mtundu wakuda), ndipo chiphuphu chomwe chinangokhala sabata imodzi chimatha kusiya banga la miyezi 6 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake pa khungu lotere timadzola zochepa, timayamba chimodzi chimodzi, ndipo chilichonse chowotcha timachisiya ngakhale chitakhala chodula.

Seramu ndi mafuta zimagwira ntchito zosiyana. Maseramu ambiri ndi amadzimadzi, ndipo amanyamula mankhwala amodzi kapena awiri olimbana ndi vuto linalake. Mafuta alibe madzi. Ntchito yawo ndi kufewetsa khungu ndi kutchinga pamwamba kuti chinyezi chisathawe. Chiphuphu chimayamba kabowo ka pakhungu kakatsekeka ndi mafuta omwe thupi limatulutsa lokha osakanikirana ndi tizidutswa ta khungu lakufa. Kenako mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes amachulukana mkatimo, malowo n'kutupa. Palibe mafuta odzola omwe amatsegula kabowo kotsekekako. Mafuta abwino amangothandiza khungu kupirira mankhwala enieni a ziphuphu, pomwe mafuta olakwika amawonjezera kutsekeka.

Musanagule kanthu, onani zomwe mukudzola kale

Nkhope zambiri zomwe eni ake amati sizigwirizana ndi chilichonse zinafooketsedwa ndi zinthu za m'nyumba momwemo. Sopo wochapira zovala ndiye woyamba. Pa muyeso wa pH, womwe umasonyeza kuwawasa kwa chinthu (nambala ikatsika ndiye kuti n'chowawasa kwambiri), khungu la munthu limakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe sopo wa mtanda amafika 9 kapena 10, ndipo amachotseratu mafuta otchinga khungu. Mukasamba kumaso n'kumva nkhope ikukoka, sopoyo ndi waukali. Pezani chosambira kumaso chopanda fungo, chosachita thovu lambiri, ndipo muzisamba kawiri kokha pa tsiku ndi madzi ofunda pang'ono, ndi manja, osati chinkhupule.

Madzi a ndimu, mankhwala otsukira mano, soda ndi shuga wokhulira kumaso, zonsezi zisiyeni. Ndimu ndiye woopsa kwambiri chifukwa mukadzola n'kutuluka padzuwa amatha kuwotcha khungu n'kusiya mabanga akuda kuposa omwe mumafuna kuchotsa.

Yang'ananinso kumutu. Tiziphuphu tambiri tating'ono pachipumi, motsatira m'mphepete mwa tsitsi, kawirikawiri timabwera ndi hair food, jelo ndi mafuta opopera pameshi. Zimatsika ndi thukuta masana, usiku n'kupakika papilokesi. Mangani duku pogona, chapani pilokesi ndi dukulo sabata iliyonse, ndipo mukadzola kumutu sambani m'manja musanagwire kumaso.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri amakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, omwe ndi ma steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) amphamvu, ena hydroquinone kapena mercury, ndipo nthawi zina pabotolo sipalembedwa. Steroid amayamba n'kusalalitsa nkhope, kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo ziphuphu zofanana kukula zimatuluka nthawi imodzi. Ngati mwadzola mafuta otere kwa miyezi, musayambe seramu iliyonse. Musawasiyenso mwadzidzidzi panokha chifukwa nkhope imatha kutupa ndi kuwotcha kwambiri; pitani kuchipatala akakuuzeni kasiyidwe kake.

Mukachotsa zonsezi, khalani masabata awiri mukungosamba bwino, kudzola kirimu wopepuka wopanda fungo ndi sunscreen (chodzola choteteza khungu ku dzuwa). Khungu likaleka kuwotcha m'pamene mungayambe zatsopano.

Seramu yoyambira

Werengani kumbuyo kwa botolo, osati mawu akuluakulu a kutsogolo. Mukaona zonunkhiritsa monga parfum, fragrance, limonene ndi linalool, kapena alcohol denat ili m'gulu la zinthu zoyambirira pamndandanda, bwezani pashelefu.

Niacinamide, yemwe ndi mtundu wa vitamini B3, ndiye wabwino kuyambira. Amachepetsa kutupa, amathandiza khungu kulimba, ndipo pang'ono ndi pang'ono amaziralitsa madontho akuda. Mlingo wa 2% mpaka 5% ndi wokwanira. Mabotolo ambiri omwe amabwera kuno ndi a 10%, ndipo pa khungu losachedwa kuyabwa mlingo umenewu umatha kutenthetsa nkhope ndi kutulutsa tizidzolo. Ngati wa 10% ndi yekhayo yemwe mwapeza, sakanizani madontho awiri ndi kirimu wanu m'chikhato musanadzole.

Azelaic acid wa 10% amagwira ziphuphu ndi madontho akuda nthawi imodzi, ndipo amaloledwa kwa amayi oyembekezera. Masabata oyamba amanyerenyetsa kwa mphindi zingapo, zomwe sizodetsa nkhawa bola zikutha zokha. Ife timamuona kuti ndi woyenera kwambiri khungu lakuda, kungoti sapezeka mosavuta m'masitolo a kuno.

Salicylic acid wa 0.5% mpaka 2% amasungunuka m'mafuta, motero amatha kulowa m'kabowo n'kumasula zotsekazo. Ndi wa timadontho takuda ta pamphuno ndi tiziphuphu tolimba ta pansi pa khungu. Amaumitsa, choncho yambani ndi usiku uwiri pa sabata, pamalo a ziphuphu pokha. Ngati thupi lanu siligwirizana ndi aspirin, musamugwiritse ntchito.

Hyaluronic acid sachiza ziphuphu, amangokoka madzi. Mudzoleni nkhope isanaumiretu ndipo pamwamba pake pabwere kirimu, apo ayi m'miyezi youma nkhope imakoka kuposa poyamba.

Vitamini C wa mtundu wa L-ascorbic acid amapangidwa wowawasa kwambiri, pH yake pansi pa 3.5, kuti alowe pakhungu. Ameneyu musamuthamangire, ngakhale ogulitsa amamutamanda kuti amawalitsa. Amawotcha khungu lofooka ndipo sachedwa kuwonongeka kukatentha.

Retinol ndi adapalene wa 0.1% ndi amphamvu pa ziphuphu, koma ndi omwenso amasenda nkhope kwambiri. Mlingo wake ndi kukula kwa njere imodzi ya nsawawa pankhope yonse, usiku wokha, pakhungu louma bwino, kawiri pa sabata mwezi woyamba. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asadzole zimenezi. Ngati mukugwiritsanso ntchito benzoyl peroxide, mankhwala odzola opha mabakiteriya a ziphuphu, wa 2.5% amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wa 10% koma sawotcha kwambiri, ndipo dziwani kuti amachucha mtundu wa thaulo ndi pilokesi. Usiku umodzi dzolani mankhwala amphamvu amodzi okha. Salicylic acid, retinol ndi benzoyl peroxide zikakumana pankhope imodzi usiku umodzi, m'mawa mumadzuka ndi khungu losenda.

Mafuta ati

Apa m'pomwe anthu ambiri amasocherera, chifukwa mawu oti "achilengedwe" amamveka ngati chitsimikizo. Chofunika n'choti m'mafutamo muli chiyani. Mafuta a zomera amakhala ndi mitundu ingapo ya tizigawo totchedwa ma fatty acid, ndipo iwiri yotikhudza pano ndi linoleic ndi oleic. Mafuta ochuluka linoleic ndi opepuka, amalowa msanga, ndipo amathandiza chotchinga cha khungu. Anthu a ziphuphu mafuta a pakhungu lawo amakhalanso ndi linoleic wochepa. Mafuta ochuluka oleic ndi olemera, ndipo pa khungu lofooka kale amatha kumasula chotchingacho.

Otetezeka kwambiri ndi squalane. Amapangidwa kuchokera ku nzimbe kapena ma olive, alibe fungo, sawonongeka msanga ndipo sanyezimira kwambiri. Wachiwiri ndi jojoba, yemwe kwenikweni ndi phula lamadzimadzi lofanana ndi mafuta a pakhungu la munthu. Pa ochuluka linoleic pali mafuta a njere za mphesa, a hemp seed, a rosehip ndi a mpendadzuwa. Pa a mpendadzuwa samalani: mafuta ophikira a m'golosale kawirikawiri amakhala osakaniza ndi a soya kapena a kanjedza, ndipo ilipo mitundu ya mpendadzuwa yochuluka oleic. Gulani olembedwa kuti ndi odzola.

Nanga mafuta athu a kuno? A malambe ali pakatikati: linoleic, oleic ndi palmitic zimakhalamo pafupifupi mofanana. Khungu louma la ziphuphu zochepa limawalandira bwino m'nyengo yozizira, koma la mafuta ambiri likhoza kulemedwa nawo. A chammwamba, a mfula omwe pabotolo amalembedwa marula, a makademiya, a mapeyala ndi a olive onse ndi ochuluka oleic. Ndi abwino m'miyendo, m'mikono ndi kutsitsi, koma kumaso kwa munthu wa ziphuphu sitiwalimbikitsa. A kokonati ndi cocoa butter amadziwika ndi kutseka timabowo. A nsatsi ndi okhuthala kwambiri moti amamata fumbi. A mtedza asafike pakhungu la munthu yemwe thupi lake limadana ndi mtedza.

Pa intaneti mupeza mindandanda yopatsa mafuta manambala kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza m'mene amatsekera timabowo. Manambalawa anachokera makamaka pa kuyesa m'makutu a akalulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo khungu la kalulu limatsekeka msanga kuposa la munthu. Angakuthandizeni kupewa mafuta a 4 ndi 5, koma mafuta a 1 akhoza kukutulutsanibe ziphuphu.

Mafuta onunkhira a tibotolo ting'onoting'ono, monga a bulugamu, lavender, peppermint ndi ndimu, ndi gulu lina ndipo ndi aukali. Asafike kumaso. Tea tree yekha ndiye amathandizako ziphuphu, koma pa mlingo wa 5%, kutanthauza dontho limodzi m'madontho 19 a mafuta ena, ndipo ngakhale pamenepo khungu lofooka limatha kutupa. Mukafunitsitsa, thirani dontho limodzi m'supuni yaing'ono ya jojoba, yomwe ndi 5 ml, zikhala pafupifupi 1%, n'kumangodontheza pachiphuphu penipeni. Sungani kutali ndi ana chifukwa ndi poizoni akamwedwa.

Kuyesa kaye

Sankhani kamalo kofanana ndi ndalama yachitsulo kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono. Dzolani pamenepo kawiri pa tsiku kwa masiku 7 mpaka 10. Tsiku limodzi silokwanira chifukwa kusagwirizana kwina kumaonekera pakatha masiku angapo. Pakhungu lakuda musadikire kufiira, chifukwa nthawi zambiri sikuoneka. Papasani ndi chala: kutupa, kutentha, kukhakhala, kuyabwa kapena kuda kwa malowo ndiye zizindikiro.

Mkono ukavomera, yesani pachibwano chokha kwa sabata ina. Kuyesa kwa pamkono kumasonyeza ngati chinthucho chikuwotchani, pomwe kwa pachibwano kumasonyeza ngati chikutsekani timabowo. Pakati pa chinthu chatsopano ndi chinzake pazidutsa masabata awiri kapena atatu. Mukayamba zitatu tsiku limodzi nkhope n'kutupa, mudzataya zonse zitatu osadziwa cholakwa.

Kadzoledwe

Lamulo n'loti chamadzimadzi chiyambe, chokhuthala chitsirize. Usiku zimayenda motere:

1. Sambani m'manja, kenako kumaso kwa theka la mphindi, ndipo pukutani mongogunditsa thaulo loyera la kumaso kokha.
2. Donthezani madontho 2 kapena 3 a seramu m'chikhato, osalola kachubu kodonthezera kugunda khungu. Pakani modinikiza pang'ono, kupewa m'mbali mwa maso, mwa mphuno ndi mwa milomo.
3. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako dzolani kirimu.
4. Tsirizani ndi madontho 2 a mafuta. Atikiteni m'zikhato kuti afunde, n'kudinikiza pamasaya ndi pena paliponse pouma. Chipumi, mphuno ndi chibwano zili ndi mafuta okwanira kale, zidumpheni.

Pakatha mphindi 10 nkhope ikadali kunyezimira, mwachulutsa. Mawa chepetsani likhale dontho limodzi, kapena lisakanizeni mu kirimu. Ngati retinol kapena azelaic acid akukuwotchani, yambani kudzola kirimu, mankhwalawo abwere pamwamba pake. Mphamvu imachepa pang'ono koma khungu limapirira.

M'mawa mafuta asiyeni. Sambani, dzolani niacinamide ngati muli naye, kirimu pang'ono, n'kutsiriza ndi sunscreen ya SPF 30 kapena kuposa, yokwana mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri. Mafuta akabwera pamwamba pa sunscreen amaisungunula n'kusiya mipata. Popanda sunscreen madontho akuda sazirala ngakhale seramu ikhale yabwino bwanji, ndipo kuzizira kwa Juni kusakupusitseni: Zomba ndi malo okwera, kuphiri n'kokweranso kwambiri, ndipo dzuwa limadetsa madontho ngakhale kuli mitambo. Sunscreen ya zinc oxide ndi yofatsa pakhungu koma imatuwitsa nkhope yakuda. Yokhala ndi mtundu wofiirira ya iron oxides imabisa kutuwako. Chipewa ndi ambulera zimathandizanso ndipo siziyabwitsa.

Nyengo za kuno

Botolo limodzi silingagwire ntchito mofanana chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukamawomba, khungu limatuwa ndi kusweka, ndipo iyi ndiye nthawi yomwe mafuta amafunikadi. Chepetsani ma acid oumitsa monga salicylic acid, onjezani kirimu. Ambiri nyengo imeneyi amathawira ku Vaseline ndi glycerine. Vaseline payekha sawotcha, ndipo ndi wabwino pamilomo ndi pamalo osweka, koma mukapaka nkhope yonse amatsekera thukuta ndi fumbi pansi. Glycerine wosasungunula amanata. Dontho limodzi m'chikhato chonyowa ndi lokwanira. Musamusakanize ndi madzi m'botolo n'kusunga, chifukwa madzi opanda mankhwala otetezera amamera tizilombo.

Seputembala mpaka Novembala kumatentha ndipo fumbi limachuluka, makamaka kwa oyenda pa kabaza ndi okhala kumunsi cha ku Jali ndi ku nyanja ya Chilwa. Mafuta akhoza kupuma kaye miyezi imeneyi. Mukafika kunyumba sambani kumaso msanga, ndipo pukutani lamba wa chipewa cha njinga yamoto pomwe amagunda chibwano.

Mvula ikayamba, chinyezi ndi thukuta zimabweretsa vuto lina lomwe limasokonezedwa ndi ziphuphu: timatuza tating'ono tofanana kukula, toyabwa, pachipumi, pachifuwa ndi kumsana. Kawirikawiri ameneyu ndi fangasi wotchedwa Malassezia, ndipo chakudya chake ndi ma fatty acid omwe ali m'mafuta a zomera pafupifupi onse, kuphatikizapo rosehip ndi mpendadzuwa. Mukawonjezera mafuta mumamudyetsa. Squalane ndi amodzi mwa ochepa omwe sadya. Mankhwala ake ndi olimbana ndi fangasi monga ketoconazole, osati a ziphuphu wamba, choncho kaonetseni kaye kwa a chipatala.

Nkhope ikasintha mutayamba

Ogulitsa amakonda kunena kuti ziphuphu zatsopano ndi "zoipa zikutuluka, pitirizani". Izi n'zoona pa retinol, adapalene ndi ma acid okha, chifukwa amafulumizitsa zomwe zinatsekeka kale. Zikatero ziphuphu zimatuluka pamalo omwe mumatuluka kale, zimapola msanga, ndipo zimachepa pomatha masabata 4 mpaka 6. Mafuta, hyaluronic acid ndi niacinamide sizichita zimenezi. Mukatuluka ziphuphu mutayamba mafuta, makamaka pamalo omwe kale panalibe, mafutawo akukutsekani timabowo, asiyeni.

Nkhope ikamawotcha ngakhale ndi madzi okha, ikamawala ngati pulasitiki ndi kusenda m'mbali mwa mphuno, chotchinga cha khungu chawonongeka. Imitsani maseramu onse kwa masabata awiri, mutsale ndi chosambira chofatsa, kirimu ndi sunscreen. Pobwerera yambani ndi theka la mlingo wakale. Zikope kapena milomo zikatupa, kapena mukayamba kubanika, tsukani msanga ndipo thamangirani kuchipatala.

Zinthu zikamayenda bwino musayembekezere kusintha sabata yoyamba. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe lakunja, ndiye seramu ipatseni masabata 8 mpaka 12. Jambulani nkhope pamalo amodzi, pakuwala kofanana, kamodzi pa mwezi, chifukwa pagalasi la tsiku ndi tsiku kusinthako sikuoneka. Ndipo musafinye. Kufinya kumakankhira mafinya mkati, banga n'kukhala lakuda kwambiri.

Abambo, timatuza ta pakhosi ndi pachibwano mukameta si ziphuphu zenizeni. Ndi tsitsi lopotana lomwe labwerera m'khungu. Metani ndi makina osafika pakhungu penipeni, motsatira komwe ndevu zaloza, ndipo salicylic acid amathandiza pamenepa kuposa mafuta a ndevu.

Kugula ndi kusunga

Botolo la 30 ml limakhala ndi madontho pafupifupi 600. Pa madontho 3 usiku uliwonse ndi masiku 200, pomwe mafuta ochuluka linoleic monga rosehip ndi hemp seed amayamba kuwonongeka pakatha miyezi pafupifupi 6 chitsegulireni. Gulani kabotolo kakang'ono, kagalasi lakuda, ndipo yang'anani chizindikiro cha kachitini kotsegula cholembedwa 6M kapena 12M, chomwe chikunena miyezi yogwiritsa ntchito mukatsegula. Musasunge pawindo. M'nyumba ya malata mu Okutobala, ikani m'kabati yapansi kapena mufiriji. Mafuta akayamba kununkha ngati mtedza wokhalitsa atayeni, chifukwa mafuta owonongeka amayabwitsa. Seramu ya vitamini C ikasanduka yofiirira yathanso ntchito.

Zothiridwa m'tibotolo topanda dzina, zomwe wogulitsa amati wasakaniza yekha, musagule ngakhale mnzanu atayera nazo. M'zosakaniza zotere ndi momwe steroid amabisala. Botolo loona limakhala ndi mndandanda wa zomwe zili mkati, nambala ya batch, tsiku lothera ntchito ndi chotsekera chosatsegulidwa. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa m'famase, kayikirani.

Pali ziphuphu zomwe seramu singazithe. Zikuluzikulu zopweteka za pansi pa khungu, zosiya maenje, kapena zosasintha patatha miyezi itatu mukuchita zonsezi, zimafuna mankhwala olembedwa ndi dokotala. Amayi, ngati ziphuphu zili m'nsagwada ndipo zikubwera limodzi ndi kusokonekera kwa msambo kapena tsitsi pachibwano, mukayezetse mahomoni. Jakisoni wa Depo-Provera ndi njira yolera ya pamkono zimawonjezera ziphuphu kwa ena. Musasiye kulera panokha, kambiranani ndi anamwino za njira ina. Popita ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chapafupi, nyamulani mabotolo onse omwe mukudzola, a kumutu omwe, ndipo nenani ngati muli oyembekezera. Akakupatsani doxycycline, imwani ndi madzi okwanira kapu yodzaza, musagone nthawi yomweyo, ndipo samalani dzuwa chifukwa mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga.